Kambalame kamawangamawanga kuseri kwa kalasi: n'kachilendo kapena ndi mwana chabe?

Funso: "Ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya pulaimale ku Kapata, muno mu Chipata, ndipo ndimayang'anira ana a kalabu yosamalira zachilengedwe ya Chongololo. Sabata yatha mvula itakata, ana anapeza kambalame pansi pa mpanda wa maluwa kuseri kwa kalasi. N'kamawangamawanga thupi lonse, kamchira kake n'kakafupi kofiirira, ndipo kuuluka kwake n'kongodumphadumpha. Tatsegula buku lathu la mbalame tsamba ndi tsamba koma sitinakapeze. Ana ena akuti ndi mbalame yachilendo, ena akuti kakudwala, ndipo mnyamata wina akufuna kukatengera kwawo kuti azikakapatsa nsima. Pafupi pomwepo pamabwerabwera mbalame ina ya pamimba ngati lalanje lakupsa, mutu wakuda, ndi mzera woyera pamwamba pa diso, koma sizifanana ngakhale pang'ono. Tingadziwe bwanji mtundu wa mbalame ikakhala yaing'ono chonchi? Nanga tikatole kapena tikasiye?"

Yankho: Zikomo kwambiri aphunzitsi, ndipo mundiperekere moni kwa ana a kalabu yanu. Mtima ukhale pansi. Malinga ndi mmene mwafotokozera, kambalameko sikakudwala ndiponso sikachilendo. Ndi mwana amene wangotuluka kumene m'chisa, ndipo mbalame ya mzera woyera ija ndi kholo lake. M'mabuku imalembedwa kuti white-browed robin-chat. Ndi ija imaimba mbandakucha ndiponso dzuwa likamalowa, kuyamba motsitsa mawu kenaka n'kumakweza pang'onopang'ono mpaka bwalo lonse kumva. Aliyense wokhala ku Kalongwezi kapena kulikonse kumene kuli mipanda yowirira anaimvapo, ngakhale sakuidziwa dzina. Kamwanako kasiyeni pomwepo. Zifukwa zake ndifotokoza, koma ndiyambe ndi funso lanu loyamba, chifukwa ndi limene limasokoneza ngakhale anthu amene akhala akuyang'ana mbalame zaka zambiri.

Akuluakulu amati make mbuu, mwana mbuu. Kwa anthu mwambiwu umagwira, koma kwa mbalame zambiri zoimba mwana amayamba moyo atavala zosiyana ndi make. Buku lanu silinalakwe. Mabuku ang'onoang'ono ambiri amangojambula yaimuna yaikulu, mwina ndi yaikazi pambali, chifukwa malo ndi ochepa. Zambia ili ndi mitundu ya mbalame yoposa 700, ndiye wolemba akati ajambule mwana wa mtundu uliwonse, bukulo lingaleme ngati njerwa.

Kusiyanaku kuli ndi ntchito yake. Mwana wa robin-chat amatuluka m'chisa patangopita milungu iwiri chiswereni dzira, asanadziwe kuuluka bwino, ndipo amakhala masiku angapo akuyendayenda pansi m'masamba ouma. Akanavala chifuwa chowala cha make, mphaka kapena kabawi akanamuona ali patali. Mawanga aja amamubisa m'mithunzi. Chachiwiri, mbalamezi zimateteza malo awo, ndipo yaikulu ikaona ina yovala ngati iyo imaiyesa mdani n'kuithamangitsa. Mwana wosavala mitundu ya akulu amapulumuka ku ndewu zotere. Chachitatu n'chakuti nthenga zoyamba zimamera mothamanga, zonse nthawi imodzi, thupi likukulanso. Motero zimakhala zofewa, zosalimba, zooneka ngati zanyankhalala. Pakapita milungu kapena miyezi yochepa zimayamba kuthothoka n'kumera zina, ndipo pa nthawi imeneyo mbalame imaoneka yazigambazigamba, theka mwana theka wamkulu. Ana akaona yotero asaiyese yodwala.

Tsono ine ndikakumana ndi kambalame kosadziwika, sindiyamba ndi kufunsa kuti ndi mtundu wanji. Ndimayamba ndadzifunsa kuti, kodi ndi mwana? Chizindikiro chodalirika kuposa zonse chili kukamwa. Yang'anani kumene mlomo wapamwamba ndi wapansi imakumana, pafupi ndi tsaya. Mwana amakhala ndi kamnofu kotupa pamenepo, kachikasu kapena koyererako, ngati wapaka kanthu m'mbali mwa kamwa. Kamnofuko kamathandiza kholo kuona poika chakudya m'chisa mwamdima, ndipo kamafota mwanayo akayamba kudzidyetsa. Kenaka onani mchira: ngati uli wamfupi mosayenerana ndi thupi, ukumerabe. Nthawi zina pamutu pamatsala tiubweya tiwiri toimirira. Diso la mwana kawirikawiri limakhala lakuda kapena lotuwa, ngakhale pa mitundu imene akulu ake ali ndi maso ofiira kapena achikasu. Khalidwe nalo limamuulula. Mwana sachenjera, amalola munthu kufika pafupi, amatera mopepesuka, ndipo mbalame ina ikayandikira amagwedeza mapiko mwachangu, kukamwa kuli yasa, akulira kamawu kamodzimodzi kosatha.

Mukatsimikiza kuti ndi mwana, iwalani kaye za mtundu wa nthenga. Izi ndimawauza ana nthawi zonse ndipo zimawavuta, chifukwa diso limathamangira ku mtundu. Zimene sizisintha kwambiri ndi kapangidwe ka thupi, mlomo, miyendo ndi mayendedwe. Mlomo wamfupi wonenepa ndi wa yodya njere. Woonda wosongoka ndi wa yodya tizilombo. Wautali wopindika ndi wa choso, yoyamwa maluwa. Kamwana kanu kali ndi miyendo yaitali, kamadumpha pansi, n'kumatukula mchira monga amachitira make. Ndipo inu nomwe mwatchula chinthu chimene chatha nkhani yonse: mchira wofiirira. Pa robin-chat, mchira wa mwana umamera uli kale ndi mtundu wa akulu, wofiirira m'mbali, woderako pakati. Nthenga za mchira ndi za mapiko ndi zimene zimafanana msanga ndi za kholo pa mitundu yambiri, choncho muziyang'ana kumeneko musanayang'ane pachifuwa.

Pali ana ena amene mudzakumana nawo pabwalo la sukulu lomwelo. Mwana wa pumbwa savuta: ndi pumbwa ndithu, kungoti ndi wotuwirapo, mutu sunade kwenikweni, ndipo chikasu cha pansi pa mchira n'chofooka. Mwana wa mnthengu ndiye amapusitsa anthu. Wamkulu ndi wakuda bii, diso lofiira, mchira wamphanda. Mwana ali ndi timadontho totuwa pamimba ndi pansi pa mchira, diso lake ndi loderako, ndipo mphanda ya mchira sinatseguke bwino. Kuvuta kwake n'kwakuti pali mbalame ina yakuda, southern black flycatcher, imene imakonda kukhala malo amodzi ndi mnthengu, ndipo mwana wake nayenso ndi wamadontho. Koma madontho ake ndi ambiri, amafika kumsana ndi kumutu komwe, ndipo mlomo wake ndi wochepa, wopanda mphamvu ngati wa mnthengu. Palinso Kurrichane thrush, ya mlomo wa mtundu wa lalanje, imene imathamanga pa kapinga n'kuima mwadzidzidzi. Mwana wake ali ndi madontho akuda pachifuwa ndipo angasokonezedwe ndi kamwana kanu, koma ndi wamkulupo ndipo mchira wake si wofiirira.

Timbalame todya njere, timene ambiri amangotiphatikiza kuti mpheta, tili ndi chizolowezi chimodzi chothandiza: ana ambiri amayamba ndi mlomo wakuda. Common waxbill wamkulu ali ndi mlomo wofiira ndi mzera wofiira wodutsa pa diso, koma mwana mlomo wake ndi wakuda. Red-billed firefinch, kaja kamalowa mpaka pakhonde kutola madeya, kakakhala kamwana ndi kotuwa, mlomo wakuda, kufiira kuli pamwamba pa mchira pokha. Bronze mannikin ndiye chitsanzo chimene ndimachikonda pophunzitsa. Akulu ali ndi mutu wakuda, mimba yoyera ndi timizere m'nthiti. Ana ndi a mtundu wa dothi thupi lonse, opanda chizindikiro chilichonse, moti munthu angalumbire kuti ndi mtundu wina. Koma amauluka gulu limodzi ndi akulu awo, amatera pa udzu umodzi, kukula ndi kapangidwe n'chimodzimodzi. Mukapita ndi ana m'mbali mwa damu la Lutembwe mvula ikamatha, udzu utabereka, mudzaona m'gulu limodzi ana, akulu, ndi ena apakati amene mutu wayamba kuda mwa timadontho.

Apa ndichenjeze. Si mbalame iliyonse yotuwa imene ili mwana. Atchete amene amaluka zisa zolendewera, ndi mbalame zofiira ndi zakuda zija zimakhala pa bango m'madambo nthawi ya dzinja, aamuna ake amavala zowala pa nyengo yoswana yokha. Mvula ikatha amathothola nthenga zija n'kukhala otuwa amizeremizere ngati aakazi. Ndiye mu Juni kapena Julayi mukaona gulu lalikulu la timbalame totuwa m'munda wokololedwa, muli aamuna, aakazi ndi ana, onse ovala mofanana. Kuwasiyanitsa pamenepo n'kovuta zedi, ndipo si chamanyazi kulemba m'kope kuti "tchete, mtundu sunadziwike". Kulemba choncho n'kwabwino kusiyana ndi kulemba dzina longoganizira. Chimodzimodzi choso: mwana amafanana ndi make, ndipo wamwamuna amayamba kuonetsa kuwala pakhosi mwa timagawo.

Njira imene imaposa buku lililonse ndi kudikira. Khalani patali, mwina mamita 10 kapena kuposerapo, ana akhale pansi osaloza ndi zala, ndipo muyembekeze. Kholo silichedwa. Mu nyengo ino ya mbozi, ziwala ndi inswa, limabwera kangapo pa ola limodzi. Amene abwere ndi chakudya kukamwa n'kuika m'kamwa mwa kamwanako, ameneyo ndiye wakupatsani dzina. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo apa mwambiwu ndi woona ndithu: mukaima pafupi kwambiri kholo limangozungulira m'mitengo likulira, inu n'kuganiza kuti mwana wasiyidwa, pamene amene mukuletsa chakudya ndinu.

Komabe njira imeneyi ili ndi pamene imaphonya, ndipo ndi nkhani imene ana anu adzaikonda. Pali mbalame zimene sizimanga chisa. Zimaikira dzira m'chisa cha ina n'kuchoka. Robin-chat yanuyo ndi imodzi mwa zimene zimanyengedwa ndi red-chested cuckoo, mbalame ija imalira mawu atatu otsika mobwerezabwereza mvula ikamayandikira, nthawi zina ngakhale usiku. Mwana wa cuckoo akangoswa, akadali wosaona ndi wopanda nthenga, amanyamula mazira kapena ana a mwini chisa pamsana n'kuwagwetsera kunja, n'kutsala yekha. Makolo omulera aja amamudyetsa mpaka amawaposa kukula. Choncho mukadzaona robin-chat ikudyetsa chimwana chachikulu, chakuda kumutu ndi kumsana, cha mizere yakuda ndi yoyera pamimba, dziwani kuti si wake. Kamwana kanu sikotero, kukula kwake ndi mchira wake zikugwirizana ndi kholo. Atchete nawo amanyengedwa ndi Diederik cuckoo, amene mwana wake amadziwika ndi mlomo wofiira. Pumbwa amanyengedwa ndi Jacobin cuckoo, mnthengu ndi African cuckoo, ndipo choso ndi Klaas's cuckoo. Ndinaonapo kachoso kakang'ono katatera pambali pa chimwana chochiposa kutali, kakulowetsa mutu wonse m'kamwa mwake. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, ndipo mpaka lero chithunzicho sichinandichoke.

Ena ndi ochenjera mwa njira ina. Village indigobird imaikira m'chisa cha firefinch, ndipo pin-tailed whydah, ija yamphongo yake ili ndi mchira wautali wakuda ndi mlomo wofiira, imaikira m'chisa cha common waxbill. Ana awo sapha anzawo. Amakula nawo limodzi, ndipo m'kamwa mwawo muli timadontho tofanana ndi ta ana enieni a m'chisamo, kuti kholo lisawazindikire. Indigobird yamphongo imaphunziranso nyimbo ya amene anailera, n'kumaiimba ikakula. Ndiye m'banja la timbalame tinayi kapena tisanu, kamodzi kakakhala kokulirapo pang'ono ndi kosiyana maonekedwe, kayang'anitsitseni. Mbalame ija imatsogolera anthu ku njuchi nayo imaikira m'zisa za ena, makamaka zoikira m'mauna ndi m'mphako, ndipo mwana wake amabadwa ndi timbedza takuthwa kumlomo timene amaphera ana a mwini chisa. Akakula pang'ono amakhala wachikasu pakhosi ndi pachifuwa, wosiyana kwambiri ndi akulu. Zambiri zimene dziko likudziwa pa khalidwe limeneli zinapezeka kuno kwathu, m'mafamu a ku Choma, kumene katswiri wa mbalame Claire Spottiswoode wakhala akufufuza pamodzi ndi anthu a m'deralo odziwa kupeza zisa. Muwauze ana zimenezi. Maso a mwana wa kumudzi wozolowera tchire ndi amene sayansi imeneyi imadalira.

Mwachidule za alendo: anamzeze ambiri amene mumawaona pa mawaya a magetsi kuyambira Okutobala mpaka Epulo amaswana ku Europe ndi ku Asia, n'kubwera kuno kudzadya. Amene ali ndi nkhope yotumbuluka ndi mchira wopanda timichira titalitali ta m'mbali ndi ana a chaka chomwecho. Amenewo alibe kholo lowadyetsa kuno, anauluka okha ulendo wonsewo ali ndi miyezi yochepa chabe.

Tsopano za mnyamata wofuna kukatengera kwawo. Musamukalipire, mtima wake ndi wachifundo. Koma mumuuze zoona: kakafa. Ine ndili mwana ndinachita zomwezo ndi kamwana ka pumbwa. Ndinakaika m'katoni, ndinakapatsa nsima ndi madzi, ndipo mmawa ndinakapeza kali gwa. Zinandipweteka kwambiri, ndipo ndi chifukwa chake nkhaniyi ndimailankhula mosabisa. Ana a mbalame zoimba amakula ndi tizilombo, ngakhale ambiri mwa amene akulu awo amadya njere kapena zipatso. Nsima ilibe zomanga thupi zokwanira, mkaka mimba yawo siitha kugaya, ndipo madzi othira m'kamwa amalowa m'mapapo n'kukatsamwitsa. Kuwonjezera apo, kholo limapitiriza kudyetsa mwana milungu itatu kapena inayi atatuluka m'chisa, uku mwanayo akuphunzira posaka chakudya ndi kulira kochenjeza za adani. Munthu sangaphunzitse zimenezo.

Chimene kalabu ingachite ndi kuteteza malowo. Ana asamasewere pafupi ndi mpandawo kwa sabata imodzi kapena ziwiri, amene amadula mpanda aimitse kaye, malegeni ndi ulimbo zisafike pasukulu, ndipo ngati pali mphaka wa pafupi, pemphani eni ake amutsekere makamaka mmawa ndi madzulo. Kakapezeka pamtetete, panjira kapena padzuwa, kanyamuleni mofatsa n'kukaika m'chitsamba chapafupi, osapitirira mamita ochepa, kuti kholo likamve kulira. Zoti mbalame imakana mwana wake akagwidwa ndi munthu si zoona. Ndabwezerapo ana ambiri m'zisa ndipo makolo anapitiriza kuwadyetsa. Mukatero sambani m'manja ndi sopo.

Zimasiyana ngati mwanayo alibe nthenga, khungu likuoneka, maso sanatseguke, kapena sangathe kuima ndi miyendo. Ameneyo wagwa nthawi isanakwane, mwina ndi mphepo ya mvula. Funani chisa pamwamba pomwepo mumubwezere. Chisa chikakhala kuti chagwa, ikani udzu wouma m'kabasiketi kapena m'kachitini koboola pansi kuti madzi asadekhe, mangirirani pa nthambi yamthunzi pafupi ndi pamene chinali, ndipo muyang'anire muli patali kwa maola awiri.

Thandizo la ena mulifune ngati pali magazi, phiko likulendewera mbali imodzi, mwendo wathyoka, nyerere zamuzinga, kapena mwayang'anira maola awiri kapena atatu masana popanda kholo kubwera. Amene wagwidwa ndi mphaka, ngakhale bala silikuoneka, ali pangozi, chifukwa malovu a mphaka ali ndi tizilombo timene timapha mbalame m'tsiku limodzi kapena awiri. Muikeni m'katoni yoboola timabowo, yoyalamo kansalu, pamalo ofunda, amdima ndi achete, osamupatsa kanthu, ndipo mufunse kwa a zaziweto ku ofesi ya boma. Akakhala mwana wa kadzidzi, kabawi kapena nkhwazi, dziwitsani a nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, Department of National Parks and Wildlife, ndipo ana asamugwire chifukwa zikhadabo zake zimavulaza. Nkhwazi yathu ya pa mbendera, poti ndaitchula, nayo mwana wake ndi wamawangamawanga, ndipo zimamutengera zaka pafupifupi zisanu kuti mutu uyere. Chomaliza pa mbali imeneyi: mukapeza mbalame zingapo zitafa malo amodzi popanda chifukwa chooneka, ana asazitole, nkhuku zisayandikire, ndipo a zaziweto adziwe tsiku lomwelo.

Pa kudziwa dzina, foni ikhoza kukuthandizani. Jambulani cham'mbali kuti mlomo, mchira ndi miyendo zioneke, ndipo ngati n'kotheka jambulaninso kholo ndi kulira kwake. Lembani tsiku, malo, ndi mtundu wa zomera zimene zili pamenepo. Pulogalamu ya Merlin imayesa kutchula dzina kuchokera pa chithunzi, koma pa ana imalakwitsa kawirikawiri, ndiye yankho lake mulitenge ngati poyambira chabe. Pa pulogalamu ina ya iNaturalist anthu enieni amayang'ana chithunzi n'kukonza dzina. A bungwe loona za mbalame la BirdWatch Zambia nawo ndi oyenera kuwafunsa, ndipo mukadzapeza mwayi wopita ndi kalabu ku Mfuwe, operekeza alendo a ku South Luangwa, kumene kwalembedwa mitundu yoposa 400, amawadziwa bwino ana a mbalame chifukwa amawaona chaka ndi chaka.

Ndili ndi pempho limodzi kwa inu aphunzitsi. Banja limenelo likhala pafupi ndi mpandawo kwa milungu ingapo. Sankhani ana awiri tsiku lililonse, akhale patali ndi kope ndi pensulo mmawa belu lisanalire, ajambule kamwanako mmene akukaonera ndi kulemba deti. Adzaona mchira ukutalika, kamnofu ka kukamwa kakufota, mawanga akuchepa, mtundu wa lalanje ukuyamba pachifuwa mwa zigamba, kenaka mzera woyera ukutulukira pamwamba pa diso. Mnyamata wa nsima uja mumupatse udindo wosunga kopelo. Mzerawo ukadzaoneka, mundilembere tsiku lake.